Kamuvi Kofiira ka Pansi pa Mzere

Zaka zimene ndinayenda musandifunse, sindinaziwerenge. Ndimangokumbukira kuti lamba wa chikwama cha laputopu anaduka katatu, ndipo katatu konseko ndinamusoka ndekha. Mayina a matawuni anandithawa. Ina inali ndi njanji, ina inkanunkha fodya, kwina kunali phiri. Koma chimene ndinanyamukira sindinachiiwale ngakhale tsiku limodzi: ndinkafuna kuti achimwene anga a Gelesomu abwerere pa ntchito yawo asanataye mtima.

Achimwenewo ndi amene anandiphunzitsa kulemba mapulogalamu a pakompyuta. Tinkalemba m'chilankhulo china chotchedwa Nsungwi. Si chilankhulo cha pakamwa ayi, ndi cholamulira makina: iwe ulemba mizere, makina awerenga, nkuchita zimene wanena. Nsungwi inalibe mwini, inalibe kampani, inalibe ofesi yoti munthu nkukagogoda. Ankaisamala anthu ongodzipereka, osalipidwa, omwazikana uku ndi uku, aliyense ali ndi ntchito yake ina yodyera. Ukafuna kuti china chisinthe m'chilankhulomo, unkalemba pempho, nkulitumiza pa bwalo lawo la pa intaneti, kenako nkudikira. Kudikirako ndiye ine sindinabadwe nako.

Munthu ukalakwitsa polemba, Nsungwi sinkanena zambiri. Inkangoonetsa mzere wolakwikawo pa sikirini, pansi pake nkuika kamuvi kofiira koloza pamene pavuta. Wamaso ankangoponyapo diso, wakonza. Koma maso a achimwene anayamba kuzima. Adokotala anati mitsempha ikuuma, palibe chobweza. Achimwene anaika pulogalamu yowerenga mokweza zonse za pa sikirini, ndipo kamawu kakeko kankawerenga mizere bwinobwino, koma kakafika pa kamuvi kankangoti, "Mpata, mpata, mpata, mpata, chizindikiro." Basi. Munthu amene ankakonza cholakwika madzi a tiyi asanawire, tsopano ankatha theka la tsiku akufufuza mzere umodzi. Tsiku lina ndinawapeza atatseka laputopu, manja onse ali pamwamba pake.

"Iwe," anatero, "zandikanika."

Ndinapsa mtima, abale inu. Ndinadzitsekera nyengo yonse yozizira ndikulemba. Ndinagwetsa mbali yonse ya Nsungwi yonena zolakwika nkuimanga mwatsopano, kuti cholakwika chilichonse chizifotokozedwa m'mawu oti khutu limve. Zinakwana mizere zikwi zinayi. Achimwene sindinawaonetse. Ndinkafuna ndidzawapatse chinthu chathunthu, chovomerezeka, ndidzangoti, "Tsegulani mumve."

Ndinatumiza. Sabata inatha, ziii. Mwezi unatha, ziii. Utatha wachitatu ndinalemba pa bwalopo, aliyense aone: "Kodi kumeneko kuli anthu kapena zitsa? Munthu akuchita khungu, inu muli mtulo. Ngati ntchito yakukanikani chokanipo, apatseni ena." Mtima unakhala pansi masana amodzi okha. Palibe anayankha. Ndiye ndinamanga chikwama, ndinati ndikawapeze komwe ali, andiuze pamaso.

Ndinafika koyamba m'tawuni ya njanji. Sitima zinkadutsa kawiri pa tsiku, mazenera otsegula, mkati mulibe munthu. Kumeneko kunkakhala mai Etilesi, amene ankalandira mapempho onse ndi kuwaika pa mzere. Ndinkayembekezera ofesi. Ndinapeza kuti iwo ndi telala, ali pakhonde la golosale, tepi ili m'khosi, phazi lili pa makina osokera. Panali benchi. Ndinakhala, ndinatsegula laputopu, nkuyamba kulankhula. Ndinanena za achimwene, za kamuvi, za chilungamo, za ulesi wa anthu ena amene sindinawatchule. Ndinalankhula mpaka mthunzi wa khonde unachoka pa mapazi anga. Phazi lawo silinaime.

"Mwamaliza?" anafunsa. "Gwirani nsalu apa, ikukokera pansi."

Ndinagwira.

"Za Nsungwi ndimaziona Loweruka masana, ndikatseka pano. Lero ndi Lachiwiri."

"Amayi, munthu akuchita khungu!"

"Ndamva, achemwali, ndipo pepani. Koma mayunifolomu awa akufunika Lachisanu. Ana anga amadya za singano iyi, za Nsungwi sadya."

Asa! Ndinafuna kuimirira ndizipita, koma nkupita kuti? Ndinakhala. Anandiphunzitsa kusokerera mabatani ndi kumasula msoko wokhota osang'amba nsalu. Ndinkakoka ulusi ndi ukali, nsalu nkubooka, iwo nkundipatsa ina osanena kanthu. Kukhala chete kwawoko ndiye kunkandiwawa kuposa kundikalipira.

Loweruka litakwana anaphimba makina ndi chitenje, nkutsegula bwalo lija pa kakompyuta kawo kakale. Nditakweza maso ndinaona anthu, eni ake a mapempho onse odikira aja. Anali atakhala pansi motsatira njanji mpaka kosaoneka, aliyense pepala lili pamiyendo. Mphunzitsi, namwino, munthu wina wa tsitsi loyera amene zinkaoneka kuti anafika akadali mnyamata. Palibe ankalankhula ndi mnzake. Aliyense nkhope yake inkanena kuti nyumba imene ikupsa ndi yake yokha. Anali mazana asanu ndi limodzi ndi kanthu, ine wakumapeto kwenikweni.

"Lanu ndinalitsegula," anatero mai Etilesi. "Mizere zikwi zinayi. Ine Loweruka limodzi, ndikamawerenga moona mtima, ndimatha mizere zana. Werengerani nokha Maloweruka ake. Ndipo ndikaloleza chinthu chimene sindinachimvetse, odzalira ndi ena."

Anandikankhira kakompyutako. "Taonani ili, mundiuze ngati lili bwino."

Linali pempho la munthu wina, mizere zikwi ziwiri, popanda ndi mawu amodzi omwe ofotokoza chifukwa chake. Ndinawerenga, mutu unayamba kuwawa. Ndisanafike ndi pakati pomwe ndinamenya tebulo.

"Kodi ameneyu akuyesa kuti ine ndilibe chochita?"

Mai Etilesi anaseka mpaka sizasi inagwa pansi. Ine sindinaseke.

Ndinatha Maloweruka ambiri pakhonde lija, ndikuwathandiza kuwerenga za ena. Mzere wa m'mbali mwa njanji unkafupika kutsogolo, kumbuyo nkumatalika. Pomaliza anandiuza kuti ndipite kwa a Binoni, amene ankayesa pempho lililonse kuti aone ngati silikuswa mapulogalamu akale. "Akakati lapita bwino, mwina ena adzalimba mtima kuliwerenga."

Ndili pa depoti ndinaimbira achimwene. Anati zenera akulionabe, ngati kachigamba koyera pa khoma.

"Uli kuti kodi iwe?"

"Ndikukonza zinthu."

"Zinthu zanji?"

"Mudzamva."

Tawuni yachiwiri inkanunkha fodya ngakhale nthawi imene fodya kunalibe. A Binoni ankakonza masikelo, ang'onoang'ono a pamsika ndi akuluakulu oyezera mabelo. Panalinso benchi, ndinganene kuti yomwe ija, koma iyi mwendo umodzi unali wofupika. Ndinakhala, ndinatsegula laputopu. Ulendo uno za ulesi wa anthu ndinazisiya. Ndinanena za achimwene ndi za kamuvi, ndipo ndinamaliza iwo asanathe kupukuta girisi m'manja.

"Tiyese," anatero.

Kuseri kwa shopu anali ndi kompyuta yaikulu yolira ngati chigayo chakutali. M'menemo anasonkhanitsa mapulogalamu onse amene anthu analemba mu Nsungwi chiyambire, onse amene anatha kuwapeza, zikwizikwi. Kusintha kulikonse kunkayenera kudutsa mwa onsewo. Zinatenga masiku asanu, chifukwa magetsi ankazima ndipo tinkayambiranso. Podikira anandiphunzitsa kutsuka miyala yoyezera ndi kuona ngati muvi wa sikelo ukubwerera pa ziro. Ndinkafunsa kawirikawiri ngati zatha, mpaka anandiuza kuti ndikafunsanso andituma kukatunga madzi ku mjigo wakutali.

Tsiku lachisanu anandiitana. Mapulogalamu mazana awiri ndi khumi ndi asanu ndi awiri anasweka.

"Sizingatheke!" ndinakuwa. "Ine ndangosintha mmene cholakwika chimanenedwera!"

"Eya. Ndipo anthu anamanga zinthu zawo pa kamuvi kameneko. Taonani iyi. Mphunzitsi wina analemba pulogalamu yophunzitsira ana a sukulu. Imawerenga mipata ija, imene inu mumadana nayo, kuti idziwe pamene mwana walakwitsa nkumuunikira. Mwachotsa kamuvi, yafa."

"Ndiye akonze yake!"

"Akonze ndani, achemwali? Anapuma ntchito kalekale, kaya ali moyo. Pulogalamu yake ndi imene ikugwirabe. Ana adzangobwera m'mawa wina nkupeza chinthu chaleka, osadziwa chifukwa." Ananyamula mwala woyezera nkuuika m'dzanja langa. "Ine sikelo ndikaikonza, kilo ya dzulo iyenera kukhala kilo ya lero. Apo ayi ndayambanitsa msika wonse."

Ndinameza mawu amene anabwera pakamwa, ndipo anali oipa. Ndinakhala kumeneko dzinja lathunthu ndikukonza. Osweka anatsika kufika makumi asanu ndi limodzi, kenako asanu ndi anayi. Koma chigamba chilichonse chinkawonjezera mizere, ndipo pempho langa linatupa kufika zikwi zisanu. Asanu ndi anayi otsalawo anakanirira. Ndikakonza uyu, uyo wasweka.

"Pamenepa pandipitirira," anavomera a Binoni. "Amene ankaidziwa mbali imeneyi ndi a Sailesi. Koma anasiya."

"Anasiya liti?"

Anabwerera ku sikelo yawo. "Pitani mukawafunse nokha."

Ndinaimbiranso achimwene. Zenera linali litapita. Anati kukacha amadziwira kutentha pa tsaya.

"Koma usadandaule," anatero, mawu ali osangalala. "Ndaphunzira kupota zingwe za khonje, zomangira mbuzi. Anthu akuzikonda. Laputopu ndinaiika m'thumba, ndapachika kudenga kuopa makoswe."

Akanalira bwenzi zili bwino. Kusangalalako ndiye kunandipweteka. Ndinakhala pansi m'mbali mwa msewu ndi kulira, anthu a njinga akundilambalala. Nditatha ndinapukuta m'maso, ndinamanga lamba wa chikwama, nkufunsa njira ya kuphiri.

Malo achitatu anali mudzi wa m'tsinde mwa phiri limene linkaoneka pafupi masiku onse amene ndinkaliyendera. A Sailesi ankaweta njuchi. Ming'oma yawo inali m'mitengo kuzungulira nyumba, ndipo mpweya wonse unkang'ung'udza. Benchi inalipo, thabwa chabe pa njerwa ziwiri. Laputopu sindinaitsegule.

"Bambo, ndine wa pempho la kamuvi."

Anaika pansi chitini cha utsi. Anali munthu wamfupi, wolankhula motsitsa.

"Kodi kumeneko kuli anthu kapena zitsa?" anatero. "Munthu akuchita khungu, inu muli mtulo. Ngati ntchito yakukanikani chokanipo." Sanaphonye ndi liwu limodzi lomwe. "Ndinachokapo, achemwali."

Mayo ine! Ndinalakalaka nthaka itang'ambika ndilowe.

Analowa m'nyumba nkutuluka ndi kope la ana a sukulu, lakuda ndi manja. Anandiuza kuti nthawi imeneyo ankaphunzitsa, ndipo m'mawa uliwonse asanapite ku kalasi ankawerenga pempho langa theka la ola. Anali atafika mzere wa chikwi chimodzi ndi mazana atatu. M'kopemo munali ndemanga zawo, tsamba ndi tsamba, zolembedwa bwino ndi pensulo. Mbali imeneyo ya Nsungwi anaisenza okha zaka khumi ndi chimodzi.

"Bwanji simunanene kuti mukuwerenga?" ndinafunsa.

"Ndinalakwa pamenepo. Ndinkati ndiyankhe ndikamaliza. Kalata yanu sinali yoyamba yotero, ndipo zoipa kuposa imeneyo ndinalandirapo. Inangokhala yomaliza basi."

Ndinagwada pa dothi, ine amene sindigwadira munthu wamba. Ndinapepesa, ndipo anandikhululukira mosavuta, anandipatsa ndi uchi womwe. Koma nditapempha kuti abwerere anapukusa mutu.

"Ayi. Mtima wa ntchito imeneyo unatha. Sungabwerere chifukwa choti mwagwada."

Ndinakhala nawo mpaka nthawi yofula uchi. Anandiphunzitsa kufika pa mng'oma pang'onopang'ono, kupemerera utsi pang'ono, nkudikira. Ine ndinkapemerera ngati ndikuyatsa mbaula, ndipo njuchi zinandiluma mpaka diso limodzi linatsekeka. Tsiku lina, ndikudzimata phulusa pa zotupa, anatsegula kope lija pa tsamba loyamba.

"Funso limene ndinkafuna kuyamba nalo ndi ili. Achimwene anuwo akamamva zimene munalembazi, akuti bwanji?"

"Sanamvepo."

"Zaka zonsezi?"

"Ndimafuna ndiwapatse chathunthu."

Anandiyang'ana ngati ndanena kuti ndimalima ndi supuni. "Ndiye kuti mwakhala mukusoka malaya a munthu musanamuyeze. Inu maso muli nawo. Mukudziwa bwanji chimene khutu likufuna?" Anatseka kope nkundipatsa. "Chinanso. Kwathu ku Nsungwi chinthu sichilowa popanda wochilera. Wina ayenera kuvomera kuti chikadzavuta zaka zikubwerazi, adzayankha ndi iye. Mbali imeneyo pano ilibe munthu. Inu mukapsa mtima mumamanga chikwama. Ndiye adzalera ndani?"

M'mawa mwake ndinayamba ulendo wobwerera kwathu, ndipo njira imene inanditengera zaka popita inatha masiku awiri.

Ndinawapeza achimwene pakhonde, khonje ali pa ntchafu, akupota. Anali ataonda. Manja amene ankathamanga pa mabatani a laputopu anali ong'aluka m'zala. Anazindikira mayendedwe anga ndisanalankhule.

"Wabwera, woyendayenda? Zinthu zija wakonza?"

Ndinakwera pa mpando nkutsitsa thumba kudenga. Atamva kulira kwa zipi nkhope inasintha.

"Usandiyambitse zimene ndinakwirira kale."

Panjira ndinali nditakonza mawu ambiri okoma. Onse anathawa. Ndinangonena zoona.

"Achimwene, sindinabwere ndi mphatso. Ndinalemba chinthu choti Nsungwi izinena zolakwika ndi mawu. Chandikanika, ndipo ndaonongerapo munthu wabwino. Ndithandizeni."

Anapotabe kanthawi. Kenako anaika khonje pansi, napukuta manja pa kabudula.

"Bweretsa."

Ndinaika kusintha kwanga konse pa laputopu yawo. Zala zawo zinapapasa, zinapeza malo ake, ndipo analemba mzere umodzi nkusiya dala chizindikiro chotsekera mawu. Kamawu kaja kanayamba: "Pepani, zikuoneka kuti pachitika cholakwika pa mzere woyamba wa pulogalamu yanu. Cholakwika chotere chimabwera pa zifukwa zitatu. Choyamba, mwina mwaiwala..." Kanapitiriza, kanapitiriza. Ine mtima unali m'mwamba, ndikuyang'ana nkhope yawo. Katamaliza, anaphulika kuseka mpaka anatsokomola.

"Ulaliki! Iwe, wandilembera m'busa? Ine ndimalakwitsa kambirimbiri pa tsiku. Nthawi iliyonse ndizikhala pansi kumvera zigawo zitatu?"

"Ndinkafuna mumvetse bwino."

"Ndine wakhungu, si kuti ndine chitsiru. Ndiuze zitatu basi: mzere wachingati, liwu limene lili pafupi ndi povutapo, ndi chimene chasowa. Kamuvi kasiye, ndi ka amaso. Ungowonjezera kamzere kamodzi pansi pake."

Anayamba kunena, ine ndikulemba. Posakhalitsa anakankha manja anga nkulemba okha. Dzuwa lisanapendeke tinali titamaliza. Mizere makumi anayi. Analakwitsanso dala, ndipo kamawu kanati, "Mzere woyamba, pambuyo pa dzina, simunatseke." Anakonza nthawi yomweyo, mpweya umodzi.

Kenako anafunsa motsitsa, "Ndiye kuti ichi chikugwira pa laputopu yangayi ngakhale anthu aja asanavomere?"

"Inde."

"Ndipo chikanagwira chaka chimene unachoka chija?"

"Inde, achimwene."

Sanandikalipire. Anatola khonje wawo nkuyambanso kupota. Zaka zonse zija ndinkati ongodziperekawo ndi amene akuwadyera nthawi achimwene. Amene anawadyera ndinali ine, ndipo zinandiwawa kuposa njuchi zonse za kuphiri. Tsiku lomwelo ndinafufuta mizere yanga zikwi zisanu. Ndisaname, ndinalira pang'ono. Tinatumiza makumi anayi aja, pamodzi ndi mawu ochepa ofotokoza chifukwa, ndi dzina la amene anayesa ndi khutu lake.

Koma musaganize kuti achimwene anabwerera pa ntchito. Amene ankawapatsa ntchito kale anali atapeza ena. Laputopu ankaitsegula Loweruka lokha, kundisangalatsa ine, masiku ena onse nkumapota. "Chingwe ndimadziwa kuti wina achifuna," ankatero. "Wolemba mapulogalamu wosaona akumufuna ndani?" Ndinaona kuti kamzere kaja pakokha sikawabweza, ndipo mantha anandigwira.

Nsungwi yatsopano inkatuluka kamodzi pa chaka, mvula ikamayamba. Mvula inayamba, Nsungwi inatuluka, zathu mulibe. Kompyuta ya a Binoni inali itapsa ndi mphenzi, ndipo panalibe woyesa. Magazi anandikwera. Ndinatsegula bwalo, zala zili kale pa mabatani. Achimwene anamva kupuma kwanga nkundigwira pa mkono.

"Ukufuna kuthamangitsa wachiwiri? Lemba ufunse chimene tingathandize."

Ndinalemba zimenezo, mano nditaluma. Mai Etilesi anatitumizira mapempho a ena oti tiwerenge. Loweruka lililonse tinkakhala pakhonde, ine ndi maso, iwo ndi khutu, ndipo iwo ndi amene ankagwira zolakwika zambiri, chifukwa khutu silidumpha mzere. Ndemanga zawo zinali zazifupi ndi zaulemu. Zanga ankandiuza kuti ndizichepetse tsabola ndisanatumize. Chilimwe chinadutsa. A Binoni anapeza kompyuta ina, anayesa mizere yathu, ndipo palibe pulogalamu inasweka, ngakhale ya mphunzitsi uja. Titamva zimenezo tinadikiranso miyezi ina, popanda liwu.

Mitambo itayamba kusonkhana kachiwiri, foni yanga inalira m'mawa wina ndikusesa. Anali mai Etilesi, ndipo kumbuyo kwawo ndinkamva makina osokera.

"Achemwali, tawerenga tonse. Pempho lanu likhoza kulowa chaka chino. Chatsala ndi wolera."

"Ndilera ine!" ndinafulumira. "Ndikulonjeza, amayi, sindidzathawa, sindidzatukwana munthu."

"Sitikufunsa inu. Apatseni foni a Gelesomu."

Ndinaima ndi tsache m'manja, kukamwa kuli yasa. Kenako ndinapita pakhonde nkuwaika foni m'dzanja, nditakweza mawu a foniyo kuti nanenso ndimve.

"Bambo," anatero mai Etilesi, "sitikupempha za mizere makumi anayi yokha. Mbali yonse yonena zolakwika ilibe munthu chichokere a Sailesi. Ndemanga zanu taziona chaka chonsechi. Malipiro palibe, ndikuuziranitu. Otukwana ndiye alipo."

Chingwe chosamaliza chinali pa ntchafu ya achimwene, chala chachikulu chikuchisisita. Ine ndinadziluma lilime. Moyo wanga wonse sindinakhalepo chete movutika chotero.

"Amayi," anatero pomaliza, "mukudziwa kuti ine sindiona?"

"Tikudziwa. Mbali imeneyo aiona ambiri. Woimva ndi khutu sitinakhalepo naye."

"Mapempho amene akudikira kumeneko ndi angati?"

"Makumi asanu ndi atatu. Lakale kwambiri latha zaka zisanu ndi ziwiri."

"Mwini wake akadali moyo?"

"Kaya."

"Yambani kunditumizira limenelo."

Analowa m'nyumba akupapasa khoma, nakhala pa tebulo. Linali Lachitatu. Ndinawatsatira, ndinakoka mpando pafupi, ndinati ndiwawerengere kuti zifulumire. Kamawu kanali katayamba kale, ndipo iwo anapendeketsa mutu, nkhope itakwinyika ngati kale akamagwira ntchito yovuta.

"Iwe," anatero osatembenuka, "tatuluka. Ukupumira m'khutu mwanga, sindikumva."

Ndinatuluka. Ndinakhala pakhonde pamalo pawo, ndikumvera mabatani akugogoda kuseri kwa khoma, kamawu kakunena, mabatani akuyankha. Misozi inkatsika ndipo sindinaipukute. Patapita nthawi kunabwera bambo wina ndi mbuzi yake, kufunsa ngati chingwe chake chatha. Ndinamuuza kuti opota ali pa ntchito, asasokonezedwe, ndipo ngati akufuna adikire ndimumalizire ine. Anayang'ana manja anga, anayang'ana mbuzi yake, nati akafunsa kwina.